Nsanja ya a Shehata Kuseri kwa Masamba a Kalendala

A Shehata Gabri ndinadziwana nawo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndipo pa zaka zonsezo sanalembedwepo ntchito pa kampani yathu. Ankangobwera kamodzi pa chaka, mwezi wa Sepitembala, atakwapatira chikatoni chokulungidwa m'nyuzipepala, n'kuchiika pa tebulo la mwini kampani, a Haji Dasuki. Miyezi ina yonseyo ankakhala kwawo ku Anfushi, dera la asodzi pafupi ndi doko, kumene ankalemba mayina pa maboti a asodzi ndi kujambula nsomba zonenepa pa zikwangwani za anthu ogulitsa nsomba zowonda.

Kampani yathu inali m'kamsewu kothina kuseri kwa siteshoni ya sitima ku Alesandriya. Tinkasindikiza makadi a ukwati ndi zidziwitso za maliro, koma chimene chinkatidyetsa chinali kalendala ya pakhoma. Eni masitolo ankaitanitsa mazanamazana kuti azigawira anthu owagula. Pamwamba pa chikatoni pankakhala dzina la sitolo, pakati chithunzi, ndipo chakumunsi tinkakhomerapo mtolo wa masamba 365 ndi timawaya tiwiri. Tsamba lililonse linkatchula tsiku katatu, la boma, la Chisilamu ndi la Chikoputi, lomwe ndi la Akhristu a kuno, kenaka nthawi za mapemphero, ndi namondwe amene asodzi ayenera kumuyembekezera. Pansi penipeni pankakhala mzere umodzi wonena chimene chinachitika kalekale pa tsiku ngati limenelo.

Mzere umenewo ndiwo unali ntchito yanga. Ndinaphunzira ku mishoni ku Asiyuti, kumene tinkalandira rula m'zala tikaphonya chaka chimene nkhondo inayake inamenyedwa, ndipo ndinatulukako mutu utadzaza masiku. Pa 17 Novembala, ngalande ya Suwezi inatsegulidwa. Pa 11 Julaye, zombo za Angelezi zinawombera mzinda uno. Pa 8 Ogasiti, chivomezi chinagumula nsanja ya nyale ya pa doko. Sindinkalemba chinthu chimene sindinachipeze m'mabuku awiri. A Shehata ankanditchula kuti Aphunzitsi, ndipo sunali ulemu wokhawokha.

"Aphunzitsi, lero wafa ndani?" umenewu ndiwo unali moni wawo.

Bambo awo anali msodzi. Anamira pa namondwe wa mwezi wa Novembala, uja asodzi amamutcha Tsache, a Shehata ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Boti linapezeka, munthu ayi. Nyanja itadekha a Shehata anakhala sabata yathunthu akudumphira m'madzi kuseri kwa linga lakale, kufunafuna mtembo. Msodzi aliyense wa ku Anfushi amadziwa kuti pansi pamenepo pali miyala ya nsanja ija, popeza ndiyo imawang'ambira maukonde. Koma iwo anaiona ndi maso: mizati yogona, masitepe osapita kulikonse, nkhope ya mwala yaikulu kuposa chitseko. Bambo awo sanawapeze.

Nthawi ya nkhondo ya Jeremani anapita ku Kairo kukajambula zikwangwani za kanema. Kumeneko anagwirizana ndi anyamata ena ojambula za m'maloto, amene ankati chithunzi chisamamvere maso okha. Ankajambula munthu wa mutu wa mbalame, mtengo wobala manja, zotero. A Shehata anadya nawo, anakangana nawo, ndipo kamodzi anapachika zithunzi zawo ziwiri pa chionetsero cha gululo. Gululo linabalalika, ena anapita kunja, ena analowa ntchito m'boma. Iwo anabwerera ku Anfushi mayi awo atadwala, anakwatira, anabereka ana aakazi asanu. Za ku Kairo sankazikamba kawirikawiri.

Kwa ife ankajambula zimene a Haji afuna: mzikiti wa pa doko, maluwa m'botolo, woyera mtima wokwera hatchi wa masitolo a Akhristu, ana a mphaka m'dengu. Dzanja lawo linali laukhondo, ndipo sanachedwepo ndi ntchito. Zoposa pamenepo sindinganene, chifukwa zithunzi sindizidziwa.

Mu 1966 anabwera mwezi wawo womwewo, koma ndinaona kuti polowa anagwira mphuthu ya chitseko. Ng'ala inali itatseka diso lamanzere, ndipo dokotala anawauza kuti lamanja liwatumikira zaka ziwiri, mwina osafika. Anamasula nyuzipepala pa tebulo la a Haji, ine ndili pambali ndi mapepala anga.

Kumtunda kwa chithunzicho kunali nsanja ya nyale monga imakhalira m'mabuku a sukulu, ya zigawo zitatu, moto ukuyaka pansonga. Koma nyanja inali yodulidwa pakati ngati vwende, ndipo pansi pa madzi nsanjayo sinathere pa thanthwe. Inkapitirira kutsika n'kusanduka khosi lalitali la munthu, ndipo pansi penipeni panali nkhope ya mwala, maso ali tong'o, nyale ina ikuyaka m'kamwa. Masitepe anazungulira khosilo, ndipo nsomba zovala zipewa zofiira zinkakwera pamenepo mondondozana. Pa sitepe yomaliza panali nkhwaira ziwiri za msodzi, zoikidwa mwaulemu monga anthu amasiyira nsapato pa khomo la mzikiti.

A Haji anavala magalasi, anayang'ana, anawavulanso.

"Amisiri, nsombazi zikupita kuti ndi zipewazi? Ku ofesi?"

"Zikukwera, a Haji."

"Nanga mayi awa alakwanji kuti apachikidwe chadodolido?"

"Si mayi. Ndi nsanja."

"Nsanja ya mano." A Haji anakankhira chikatonicho patsogolo pang'ono. "Tandiuzani, ndani apachike izi? Wogulitsa mankhwala? Munthu abwera ndi malungo, aona nkhopeyi, apita kwa wina. Wogulitsa nsalu apatsa mayi woyembekezera, mayiyo aziyang'ana m'mawa uliwonse, mwana abadwa ndi maso a nsomba, ndiye azibwera kwa ine."

"Zaka makumi awiri ndakujambulirani amphaka, a Haji. Amphaka okwanira kudzaza doko."

"Ndipo palibe mphaka anandibweretserapo dandaulo."

"Kamodzi kokha. Diso langa likupita. Ndikufuna anthu a mzinda uno aone chinthu chimodzi chimene ndinajambula ine mwini, chosatumidwa."

A Haji sanali munthu wouma mtima. Anaitanitsa tiyi, anafunsa za dokotala, anatchula dokotala wina wa ku Kairo. Kenaka anaika chikhatho pa chithunzi, kubisa zonse za pansi pa madzi.

"Izi zakumtundazi n'zabwino. Dulani apa."

Tsiku lomwelo masana a Shehata anandidikira pa nyumba ya khofi ya pa ngodya. Ndisanakhale n'komwe anandifunsa kutalika ndi kufupika kwa mtolo wa masamba. Ndinawauza. Anayeza pa tebulo ndi zala, kenaka anaseka.

"Chaka chilichonse pamene pamakhala mtolo ndimasiyapo poyera. Malo aulere, Aphunzitsi. Palibe amawayang'ana. Ndijambulanso. Nsanja ya a Haji ikhala kumtunda, madzi abuluu, mbalame ziwiri. Zanga zonse zilowa kuseri kwa masamba anuwo. Anthu azing'amba tsamba tsiku ndi tsiku osadziwa kuti akundifukula. Tsiku lomaliza la chaka, mzinda wonse uona pamodzi."

Ndinawauza kuti kumeneko n'kunamiza a Haji.

"Kunamiza bwanji? Anati zakumtunda n'zabwino, zakumtunda aziona. Amene amapititsa chithunzi kwa osula mbale zosindikizira ndi inu. Amene amawaonetsa a Haji kalendala yoyamba, itakhomedwa kale masamba, ndi inunso. Simunena bodza. Mungokhala chete, ntchito imene mumaidziwa bwino kuposa aliyense."

"Akandifunsa ndinena."

"A Haji akufunseni? Munthu amene sanasuzumirepo tsamba la mawa lisanafike?"

Ndinavomera. Mpaka lero sindidziwa bwino chifukwa chake. Mwina n'chifukwa cha mmene anagwirira chitseko polowa muja.

Kujambula zonsezo pa malo aang'ono ngati chikhatho ndi theka kunawatengera milungu isanu, ndi diso limodzi ndi galasi lokuzira zinthu limene anabwereka kwa wokonza mawotchi. Anyamata a pa makina anaseka ataona, poganiza kuti a Haji avomereza. Amayi okhomera masamba anaitcha nkhopeyo mkazi wachiwiri wa a Shehata, ndipo ankaiphimba msangamsanga. Tinasindikiza makalendala zikwi zisanu ndi zitatu. A Haji anayang'ana yoyamba, anati nsanja yatuluka mwaulemu, ndipo anaipachika kumbuyo kwa mpando wawo.

"Makoma zikwi zisanu ndi zitatu," anatero a Shehata. "Ku Kairo kuja kunabwera anthu makumi anayi, ndipo khumi anadzera chakumwa chaulere." Anatenga chikatoni chimodzi chosakhomedwa masamba n'kundiyandikizira. "Nanga inu mukuti bwanji? Simunanene kanthu."

"Mitundu yatuluka bwino," ndinayankha.

"Mitundu." Anandiyang'ana ndi diso lawo limodzilo. "Inu a ku mishoni, Mulungu atakutsegulirani kumwamba mungangoti pasesedwa bwino."

Chaka cha 1967 chinayamba, ndipo a Shehata anasanduka woyang'anira makalendala wosalembedwa ndi aliyense. Akalowa m'sitolo iliyonse maso anali pa khoma. Ankatsina mtolo wa masamba ndi zala ziwiri monga mayi amatsinira nkhuku pa msika. Wometa wawo, a Bayumi, anali waulesi pong'amba, ndipo ankatha sabata ali pa tsiku limodzi.

"A Bayumi, kwanu kuno likadali Lachiwiri la sabata yatha? N'chifukwa chake lumo lanu silikalamba."

"Ng'ambani nokha, amisiri, ine manja ali ndi thovu."

Ankang'ambadi. Anang'ambira wometa, wophika nyemba, wosoka nsapato, ngakhale mlonda wa pa sitolo ya mankhwala. Anthu ankati ukalamba wawayamba ndi kalendala.

Mu Juni kunabwera nkhondo ija ya masiku asanu ndi limodzi. Sindilemba zambiri za imeneyo. Boma linalamula kuti kuwala kusamaoneke usiku, ndipo a Shehata anapeza ntchito yochuluka kuposa kale lonse, yopaka utoto wabuluu pa magalasi a mawindo ndi pa nyale za galimoto. Ankalowa nyumba ndi nyumba ndi chidebe chawo, ndipo m'nyumba zambiri ankapeza kalendala yathu itaima pa 5 Juni, tsiku limene nkhondoyo inayamba. Ena anangoiwala, mitima ili kwina. Kwa amenewo ankang'amba milungu itatu kapena inayi nthawi imodzi, eni nyumba akuyang'ana kumbali. Koma m'nyumba ina, mayi wina amene mwana wake sanabwerere kuchokera ku Sinai anawagwira dzanja.

"Musakhudze, bambo. Anang'amba yekha tsamba la dzulo lake asanapite."

Anachotsa dzanja, anamaliza kupaka windo, anatuluka. Pondiuza nkhaniyi sanaseke monga mwa masiku onse.

"Makoma amenewo tataya, Aphunzitsi. Ndipo ndilibe pakamwa podandaulira."

Inenso ndinali ndi vuto langa. Ndinali nditayamba kukonza mizere ya chaka chotsatira, ndipo nditafika pa 5 Juni ndinakhala masiku atatu cholembera chili m'manja. A Haji anati ndipeze chinthu china chimene chinachitika kutali, ku dziko la eni. Ndinachipeza, ndinachilemba, ndipo chinali choona. Sindinakondwe nacho.

Mu Sepitembala a Shehata anabweretsa maluwa m'botolo a kalendala ya 1968. Botololo linali lopendekeka pang'ono, koma a Haji analandirabe. Kuyambira pamenepo a Shehata ankayenda ndi ndodo, ndipo mayina a pa maboti ankawalemba ndi zilembo zazikulu kuposa zimene eni maboti apempha.

Chaka chimenecho Ramadani inagwera mu Disembala, ndipo inawabwezera chiyembekezo. Munthu wosala kudya amafuna kudziwa mphindi yeniyeni yolowera dzuwa, ndipo mphindiyo inali pa tsamba lathu. Makalendala amene anagona kuyambira Juni anadzuka. Anthu anang'amba miyezi isanu ndi umodzi tsiku limodzi, ndipo ogulitsa mtedza anapeza mapepala okulungira a chaka chathunthu. Ngakhale a Bayumi ankang'amba okha m'mawa uliwonse. Makalendala atsopano tinali titagawa kale pakati pa mwezi, popeza eni masitolo ankafuna kupereka Idi isanafike, koma anthu anawaika pamwamba pa makabati kudikira. A Shehata ankatsina mitolo ija, yopyapyala tsopano ngati buledi wouma, n'kumawerenga mokweza.

"Khumi ndi awiri. Khumi ndi limodzi. Ndauza ana anga onse abwere ndi amuna awo."

Pa 31 Disembala linali Lamulungu. Ndinadzuka, ndinavala za ku tchalitchi, ndipo ndisanatuluke ndinang'amba tsamba la pa 30 pa kalendala ya m'nyumba mwanga. Kunatsala tsamba la pa 31, lili bwinobwino pa timawaya take, litaphimba zonse.

Ndinaima pamenepo chipewa chili m'manja. Munthu amang'amba tsamba kuti aone la kuseri kwake. Tsamba lomaliza lilibe la kuseri. Limakhala pa khoma tsiku lake lonse, ndipo m'mawa mwake chaka chatha, munthu amachotsa chikatoni chonse pa msomali n'kupachikapo chatsopano. Pa zaka makumi atatu za ntchito imeneyi ine mwini sindinang'ambepo tsamba lomaliza, ndipo sindinaonepo munthu akuling'amba. Ndinkadziwa chaka chimene nsanja inagumuka, ndi dzina la mwezi m'mawerengedwe atatu. Ichi chokha sindinachiganizire, ndipo a Shehata atandiuza maganizo awo pa nyumba ya khofi paja ndinangokangana nawo za bodza.

Ulaliki wa tsiku limenelo sindinaumve. Potuluka ndinapeza a Shehata akundidikira kunja kwa mpanda, atameta ndevu, atavala jekete lakale la ku Kairo limene mabatani ake sankakumananso.

"Mwapemphera mokwanira? Tiyeni tikaone chionetsero."

Ndinayesa kuwauza tikuyenda, koma ankayankhula okha, za anyamata a ku Kairo aja, ndani anamwalira, ndani ali ku Paris akugulitsa makapeti. Tinalowa m'sitolo ya mankhwala. Anayandikira khoma mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda, anaona nambala 31 yaikulu yakuda, anabwerera m'mbuyo. Tinatuluka. Kwa wophika nyemba kunali kotseka chifukwa cha kusala, koma pa windo tinaona tsamba lomwelo. Kwa wosoka nsapato chimodzimodzi. Pamene tinkafika kwa a Bayumi anali atasiya kuyankhula.

A Bayumi ankameta mkulu wina wa pa doko. A Shehata analoza khoma ndi ndodo.

"Ng'ambani ilo."

"Lero lisanathe? Mukufuna ndife? Ndiponso nthawi yomasula kusala ili pomwepo."

"Mawa ndiye mung'amba."

"Mawa ndipachika yatsopano. Ndani amang'amba lomaliza, amisiri? Kuseri kuli chiyani, si chikatoni basi?"

A Shehata anapita pa khoma n'kutukula tsambalo ndi chala. A Bayumi anacheuka, lumo lili m'mwamba, anasuzumira kuchokera pamene anaima.

"Makina anu anathimbirira pamenepo? Muwauze a Haji." Anabwerera pa tsaya la mkulu uja.

Titatuluka a Shehata anaima pakati pa msewu, ngolo ya bulu n'kuwapatuka.

"Munadziwa liti?"

"M'mawa uno."

"M'mawa uno." Anagwedeza mutu. "Tandiwerengerani. Pansi pa tsambalo mwalembapo chiyani? Ine sindikuona."

Sindinafunike kubwerera kukawerenga. "Tsiku ngati lero mu 1879, nyale ya magetsi inaonetsedwa kwa anthu ku Amereka."

"Nyale ya ku Amereka." Mawu awo anatsika m'malo mokwera. "Mizere mazana atatu ndi makumi asanu ndi limodzi ndi isanu, chaka ndi chaka. Mafumu, zivomezi, ngalande. Iwe Mileka, unalephera kulemba mzere umodzi wakuti ng'ambaninso ili?"

Aka kanali koyamba kunditchula dzina, ndiponso koyamba kunena kuti iwe. Ndikanatha kunena kuti iwonso sanaganize, koma iwo ntchito yawo inali chithunzi. Masamba anali anga.

Ndinati tikhoza kuyenda sitolo ndi sitolo kuwauza anthu atukule tsambalo.

"Zikwi zisanu ndi zitatu? Ndizikaima pambali ngati wopemphetsa, taonani bwana, taonani zimene ndinajambula? Mwamuona Bayumi. Munthu ukamuonetsa amaona kuthimbirira. Ndinkafuna achipeze yekha, m'nyumba mwake, asanamwe n'komwe tiyi, popanda wina womuuza kuti ndi chiyani."

Anakana kuti ndiwaperekeze. Ana awo ndi amuna awo anali akuwadikira kunyumba, ndipo sindidziwa chimene anawauza.

Kuno kwathu chaka chikamatha anthu amataya zakale pa windo: mbale zong'aluka, mitsuko, mabotolo, kuti tsoka la chaka chakale lisweke nazo. Chaka chimenecho anthu anali ndi zambiri zofuna kuswa. Namondwe wa chaka chatsopano anafikanso pa nthawi yake, ndipo mvula inagwa mpaka kucha. M'mawa ndikukonzekera kupita ku ntchito ndinamva ndodo ikugogoda pa chitseko. Anali a Shehata, jekete lomwe lija, litanyowa m'mapewa.

"Tiyeni. Maso anu ndikuwafuna."

Misewu inali yodzaza magalasi osweka ndi mapale. Pakati pa zimenezo panali makalendala athu, ena chafufumimba, ena chagada, pafupifupi khomo lililonse. Onse anali ndi tsamba lawo la pa 31. Ine ndinkawaloza, iwo ankawerama n'kutola. Tsamba lonyowa siling'ambika ngati louma. Linkamatirira pa chithunzi, ndipo akalikoka linkachoka ndi utoto, kapena linkasiya khungu loyera la pepala, nambala 31 ikuonekera mozondoka. Ankapala ndi chikhadabo, n'kuimika chikatonicho chotsamira khoma, choyang'ana ku msewu, n'kupita pa china. Chala chimodzi anadzicheka ndi galasi, anachiyamwa, anapitiriza.

Tinayenda msewu wonse wa kumsika wa nsomba mpaka pa mzikiti. Ndikacheuka ndinkaona mzera wa zikatoni m'mbali mwa makoma, zina zitagwa kale ndi mphepo. Anthu ochepa amene anali panja ankayenda mothamanga, mitu ili pansi, kupewa magalasi ndi zithaphwi. Kumbuyo kwathu, patali pang'ono, osesa mumsewu ankabwera ndi ngolo yawo, akuwola zonse.

Pa masitepe a sitolo ina yotseka a Shehata anakhala pansi. Anali ndi chikatoni chimodzi chimene chinagwera pansi pa khonde, chosanyowa kwambiri. Tsamba lake linachoka bwinoko. Anachiyandikiza ku diso lamanja, anachitalikitsa, anachipendeketsa kuti chilandire kuwala.

"Chikuoneka?"

Ndinayang'ana bwinobwino, chifukwa ndinadziwa kuti adzazindikira ndikanama.

"Nkhope yachoka theka. Nyale ya m'kamwa ilipo. Nsomba zatsala zitatu."

"Pansi pake?"

"Nkhwaira zilipo zonse ziwiri."

"Zija ndinaimika m'makoma zija?"

"Zambiri sizikuoneka kanthu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ngolo ija inatipeza. Wosesa wina, bambo wachikulire wovala thumba la pulasitiki kumutu, anaima patsogolo pathu n'kuloza zikatoni zitatu zimene zinatsamira masitepe.

"Bambo, izi mukuzifuna kapena ndiwole?"

"Mwaziona?" anafunsa a Shehata.

"Ndaziona, ndi makalendala a chaka chatha. Ngati mukufuna zokupizira moto tengani zouma, izi zafewa."

"Wolani."

Bamboyo anawola, anaponya m'ngolo, anapitirira. A Shehata anatsala ndi chimodzi chija pa maondo.

"Pitani ku ntchito, Aphunzitsi, mungachedwe. Ine ndikhala kaye."

Ndinapita, chifukwa inalidi nthawi. Ku kampani ndinapeza a Haji atapachika kale maluwa a botolo lopendekeka kumbuyo kwa mpando wawo, ndipo nsanja inali m'dengu la zinyalala ndi tsamba lake.

A Shehata sanabweretsenso chithunzi. Sepitembala wotsatira a Haji anagula chithunzi cha maluwa chojambulidwa ndi kamera, ndipo diso lamanja lija linatseka chaka chisanathe. Ndinkapita kukawaona ku Anfushi mwezi ndi mwezi mpaka pamene anamwalira mu 1974. Tinkakamba za mitengo ya nsomba ndi za maukwati a adzukulu. Kawiri konse ndinayamba kunena za chithunzi chija, ndipo kawiri konse anaitana mwana wawo kuti abweretse tiyi.